Phunziro: Kukaona linga la ku Massangano

1. Linga n'ciyani?

Pakhomo pali khola. Khola limachinga mbuzi. Fisi akabwera usiku, sangathe kulowa.

Ku dimba kuli mpanda. Mpanda umachinga ndiwo. Ng'ombe zikabwera, sizingathe kudya.

Kale anthu ankamanganso mpanda wochinga mudzi wonse. Mpanda umenewu udali waukulu ndi wolimba kwambiri. Dzina lake ndi linga.

Malinga ena adali a mitengo. Ena adali a dothi. Ena adali a miyala. Linga lililonse lidali ndi cipata. Pa cipata pankakhala alonda usana ndi usiku.

Anthu ankamanga malinga cifukwa ca mantha. Ankaopa nkhondo. Ankaopanso anthu ogwira anzawo ukapolo. Ng'oma ya nkhondo ikalira, amayi ankabereka ana, abambo ankakusa ziweto, ndipo onse ankathamangira mu linga.

Apwitikizi nawonso ankamanga malinga a miyala. M'cinenero cawo, linga la miyala amati *fortaleza*. Linga la mitengo la m'mbali mwa Zambezi ankati *aringa*. Chulani mawu awiriwa: linga, aringa. Kodi mwamva kufanana kwake?

2. Massangano ali kuti?

Mtsinje wa Zambezi umadutsa pa mzinda wa Tete. Ukadutsa pa Tete, umatsikira kum'mawa, kunka ku nyanja yamcere. Si kutali kwambiri ndi Tete, mtsinje wina umathira mu Zambezi. Mtsinje umenewu ndi Luenha.

Pamene mitsinje iwiriyi yakumana pali malo ochedwa Massangano. Dzinali limanena za kukumana. Malowa ali ku midzi, m'boma la Guro, m'cigawo ca Manica. Kutsidya kwa Luenha ndi cigawo ca Tete.

Dera limeneli n'lotentha. Kuli milambe yambiri, miyala ndi mitengo ya minga. Anthu amalima mapira, amaweta mbuzi ndipo amagwira nsomba.

Kale ku deralo kudalibe misewu ya galimoto. Msewu waukulu udali mtsinje wa Zambezi. Mabwato ankakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Mabwato okwera ankanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mabwato otsika ankanyamula minyanga ya njovu ndi golide. Ena ankanyamula anthu omangidwa, opita kukagulitsidwa.

Bwato lililonse loyenda pakati pa Tete ndi Sena linkadutsa pa Massangano. Munthu wokhala pamenepo ankaona mabwato onse. Ankatha kuwalola kudutsa. Ankathanso kuwaimitsa. N'cifukwa cake linga lidamangidwa pamalo amenewa.

3. Linga la mitengo yamoyo

Mlimi akadula phesi la cinangwa n'kulizika m'nthaka, mvula ikagwa limaphuka. Mitengo ina imacitanso cimodzimodzi.

Omanga aringa ankadziwa bwino zimenezi. Ankadula mitengo yaiwisi. Ankakumba mayenje moyandikana. Ankazika mitengoyo mothithikana, kuzungulira mudzi wonse.

Mvula ikagwa, mitengo inkamera mizu. Inkaphuka masamba. Caka ndi caka inkanenepa, ndipo mipata inkatsekeka. Mpanda unkasanduka khoma lamoyo.

Mpanda wouma umapsa msanga. Ciswe cimaudya. Koma mtengo wamoyo supsa msanga, ndipo zipolopolo siziugwetsa msanga. Nthambi ikathyoka, ina imaphuka.

Mkati mwa linga mudali nyumba zambiri. Mudali nkhokwe za cakudya. Mudali malo osungira mfuti ndi wonga. Madzi adali pafupi, cifukwa linga lidali m'mphepete mwa mtsinje. Adani akalizinga, anthu a mkati ankatha kukhala masiku ambiri osatuluka.

4. Nyaude ndi Bonga

Linga la ku Massangano lidamangidwa m'zaka za m'ma 1840. Mwini wake adali Joaquim José da Cruz. Anthu ankamuchula kuti Nyaude. Kholo la banja lake lidacokera kutsidya kwa nyanja yamcere, koma iye adali mwana wa ku Zambezi. Adali ndi dzina la Cipwitikizi ndi dzina la kwawo.

Nyaude adamwalira m'caka ca 1855. Mwana wake adalowa m'malo mwake. Mwanayo adali António Vicente da Cruz. Anthu ankamuchula kuti Bonga.

Bonga ankalamulira ngati mfumu. Ankaimitsa mabwato n'kulipiritsa msonkho. Boma la Apwitikizi silidakondwe nazo. Lidatumiza asilikali kuti akagwetse linga.

Asilikali adabwera koyamba, koma adalephera. Adabwera kaciwiri, adalepheranso. Adabwera kacitatu, adagonja. Adabwera kacinayi ndi mfuti zikuluzikulu, koma linga silidagwe. Nkhondo zinayi zimenezi zidacitika kuyambira m'caka ca 1867 mpaka m'caka ca 1869. Anthu ambiri adafa.

Bonga adamwalira m'caka ca 1879. Linga lidatsala m'manja mwa abale ake. M'caka ca 1887 Apwitikizi adabweranso. Ulendo umenewu adabwera ndi asilikali acikuda ambirimbiri, ndipo adalanda linga. Abale a Bonga adabwereramo, koma m'caka ca 1888 adagonjetsedwa kotheratu.

Pambuyo pake Apwitikizi adamanga linga lawo la miyala pamalopo, kuti aziyang'anira mtsinje. Atsamunda adalamulira dziko mpaka m'caka ca 1975, pamene Moçambique adalandira ufulu wodzilamulira.

5. A mkati ndi a kunja

Linga lili ndi mbali ziwiri. Lili ndi mkati, lili ndi kunja. Nkhani ya linga nayonso ili ndi mbali ziwiri.

Mwana wa mkati mwa linga ankagona tulo. Alonda adali pa cipata. Nkhokwe zidali zodzaza. Kwa mwana ameneyu, linga lidali ngati msana wa amayi.

Mwana wa kunja kwa linga ankagona ndi mantha. Asilikali a mu linga ankabwera kudzatenga msonkho wa mapira. Nthawi zina ankatenga mbuzi. Nthawi zina ankatenga anthu. Kwa mwana ameneyu, linga lidali ngati phanga la mkango.

Asilikali a m'malinga a ku Zambezi ankachedwa acikunda. Ambiri a iwo adali akapolo a mwini linga. Iwo ndiwo ankamenya nkhondo. Iwo ndiwo ankasaka njovu ndi kupalasa mabwato. Zidzukulu za acikunda zilipo mpaka lero, monga ku Zumbo ndi m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa.

Mabuku adalemba dzina la Nyaude ndi la Bonga. Koma Nyaude sadamange linga yekha. Mutu umodzi susenza denga. Padali abambo odula mitengo ndi osenza miyala. Padali amayi otunga madzi, osinja mapira ndi oumba miphika. Maina awo sadalembedwe. Nchito ya manja awo yokha ndiyo idatsala.

Conco munthu wokaona linga amakumbukira zinthu ziwiri. Amakumbukira kuti anthu a pamenepa adalimba mtima, nakana kugonjera atsamunda zaka zambiri. Amakumbukiranso kuti anthu ena adazunzika cifukwa ca linga lomwelo. Zonse ziwiri n'zoona.

6. Tsiku la ulendo

Ana sapita okha kukaona linga. Amapita ndi aphunzitsi kapena ndi makolo. Nthawi yabwino ndi ya cilimwe, njira zikauma. Amanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Aliyense amatenga madzi akumwa, kamba wa pa ulendo, kope ndi pensulo.

Akafika, sathamangira ku mabwinja. Amayamba apita kwa amfumu. Amapereka moni, nanena kumene acokera ndi cimene adzera. Safunsa adadya phula. Amfumu amadziwa malo oyenera kupondapo ndi malo oletsedwa. Amapereka munthu wamkulu woti atsogolere alendo.

Ana a sukulu ina adacita comweco. Agogo ena a m'mudzimo adawatsogolera. Agogowo adali patsogolo, ana pakati, aphunzitsi pambuyo.

Atafika, ana adayang'ana uku ndi uku. Adaona udzu, milambe ndi zipupa za miyala zogumuka. Mnyamata wina adakhumudwa.

— Agogo, linga lija lili kuti? Ine ndikuona miyala yokha.

— Khala pansi, mdzukulu wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'ana miyala iyo. Kodi yangomwazika?

Mnyamata adayang'anitsitsa.

— Iyayi, agogo. Yandandalikana. Wina uli pamwamba pa unzake.

— Eya. Mvula sisanja miyala. Adaisanja ndi anthu. Tsopano yang'ana kumunsi uko. Ukuona ciyani?

— Ndikuona mtsinje, agogo. Ndikuona bwato la msodzi.

— Iwe walionera patali. Alonda nawonso ankaona mabwato ali patali.

Mtsikana wina adawerama. Adatola phale la mphika.

— Aphunzitsi, taonani! Kodi ndingatenge kuti ndikaonetse amayi?

— Iyayi, mwanawe. Liyang'ane bwino, ulijambule m'kope lako, kenako ulibwezere pomwe walipeza.

Mtsikanayo adajambula phalelo. Adalibwezera pansi. Ana onse adakhala pa mthunzi wa mlambe, namvetsera nkhani za agogo. Pocoka adatola zinyalala zawo zonse. Adapitanso kwa amfumu kukathokoza ndi kukatsanzika.

7. Mwala umodzi

N'cifukwa ciyani aphunzitsi adakaniza mwana kutenga phale? Phale n'laling'ono. Mwala umodzi nawonso ndi waung'ono. Yankho lili pa zimene zidacitikira linga lina, kutali ndi Massangano.

Ku gombe la nyanja yamcere kuli malo ochedwa Sofala. Kumeneko Apwitikizi adayamba kumanga linga m'caka ca 1505. Dzina lake lidali São Caetano. Lidali linga lawo loyamba m'dziko la Moçambique. Lidakhala zaka mazana angapo.

Patapita nthawi, linga lidasiyidwa. Anthu adatenga miyala yake. Ina adakamangira chalichi cacikulu ca mu mzinda wa Beira. Mafunde a nyanja adagumula zotsala. Lero munthu wopita ku Sofala saona linga loimirira. Amangoona miyala yocepa m'madzi ndi mu mcenga.

Linga siligwa ndi nkhondo yokha. Limatha pang'onopang'ono. Wina amatenga mwala wa mafuwa. Wina amatenga miyala ya maziko a nyumba. Wina amakumba, poganiza kuti pansi pali cuma. Wina amaocha chire, moto n'kulowa m'mabwinja. Aliyense amati, "Ndatenga pang'ono cabe." Tsiku lina ana amafika, koma sapeza kanthu.

Nyumba ikagwa, mwini amamanga ina. Linga lakale likatha, palibe angalibweze.

Dziko la Moçambique lili ndi lamulo loteteza malo akale. Lamuloli ndi la nambala 10/88, ndipo lidakhazikitsidwa m'caka ca 1988. Limaletsa kuononga malo akale ndi kukumbamo popanda cilolezo. Malo amenewa ndi cuma ca anthu onse, obadwa kale ndi odzabadwa mawa.

8. Malinga ena a m'dziko

Massangano si linga lokhalo. M'dziko muli malinga ena oti anthu akaone.

Mu mzinda wa Tete muli linga la São Tiago Maior. Lili pafupi ndi mtsinje wa Zambezi.

Ku Sena, m'boma la Caia, kudali linga la São Marçal. Cipata cake ca miyala cikadalipo.

Ku Ilha de Moçambique, m'cigawo ca Nampula, kuli linga lalikulu la São Sebastião. Adayamba kulimanga m'caka ca 1558. M'caka ca 1991 bungwe la UNESCO lidaika cilumbaci pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Ku cilumba ca Ibo, m'cigawo ca Cabo Delgado, kuli linga la São João Baptista. Linga limeneli lili ngati nyenyezi. Atsamunda ankatsekeramo anthu ofuna ufulu.

Ku Manyikeni, m'boma la Vilankulo, kuli mpanda wa miyala wa mafumu akale. Adaumanga ndi anthu akuda, Apwitikizi asanafike. Miyala yake adangoisanja mwaluso, popanda simenti.

M'midzi yambiri mulinso malo amene akuluakulu amati pa linga. Mwina ndi mtumbira wa dothi wozungulira. Mwina ndi phanga la m'phiri lomwe anthu ankabisalamo. Malo amenewa sadalembedwe m'mabuku. Agogo ndiwo amawadziwa.

Mawu atsopano

linga — *fortaleza*
cipata — *portão*
khoma — *parede*
mwala — *pedra*
mtsinje — *rio*
bwato — *canoa*
mlonda — *guarda*
mabwinja — *ruínas*

Werengani mokweza

la le li lo lu
nga nge ngi ngo ngu
li + nga = linga
ma + li + nga = malinga

Linga ili n'lakale.
Linga lili pa mtsinje.
Ana aona linga.
Ana sagumula linga.

Yankhani

1. Khola limachinga ciyani? Nanga linga linkachinga ndani?
2. Chulani mitsinje iwiri yokumana pa Massangano.
3. N'cifukwa ciyani mitengo ya linga inkaphuka?
4. Kodi mwana wa Nyaude adali ndani?
5. Kuyambira 1867 mpaka 1869, asilikali adabwera kangati? Onetsani ndi zala.
6. N'cifukwa ciyani mwana wa kunja kwa linga ankagona ndi mantha?
7. Alendo akafika m'mudzi, amayamba apita kwa ndani?
8. Mtsikana uja adacita ciyani ndi phale?
9. Kodi miyala ya linga la ku Sofala idapita kuti?

Lembani mawu osowa

Bwato limayenda pa __________.
Mlonda amakhala pa __________.
Mutu umodzi susenza __________.

Nchito

1. Jambulani linga. Ikanimo nyumba 3, nkhokwe 2 ndi cipata 1. Kunja kwake jambulani mtsinje ndi bwato.
2. Tolani miyala 10 pa bwalo la sukulu. Sanjani ngati khoma. Mwana aliyense acotsepo mwala umodzi. Pambuyo pa ana 4, yatsala miyala ingati? Pambuyo pa ana 10, yatsala ingati?
3. Zikani phesi la cinangwa pafupi ndi sukulu. Muzilithirira. Werengani masiku mpaka litaphuka.
4. Citani sewero. Wina akhale amfumu, wina agogo, wina aphunzitsi, ena alendo. Onetsani kapatsidwe ka moni ndi kapemphedwe ka cilolezo.

Kwa makolo ndi onse a pakhomo

Phunziroli n'lalitali. Mwana asalimalize tsiku limodzi. Wamkulu awerenge gawo limodzi madzulo alionse, mwana azimvetsera. Kenako mwana afotokoze m'mawu akeake zimene wamva.

Mwana afunse agogo mafunso atatu awa: Kodi makolo ankabisala kuti pa nthawi ya nkhondo? Kodi malowo amachedwa ciyani? Adawamanga ndani? Wodziwa kulemba alembe mayankho m'kope, m'Cinyanja, monga momwe agogo anenera. Mwana apite nalo ku sukulu, kuti anzake amveko.

Ngati pafupi ndi mudzi pali linga kapena mabwinja, banja lipite kukaona. Liyambe lapempha kwa amfumu. Ana asakwere pa zipupa, cifukwa zingagwe. Asapise dzanja m'mphako za miyala, cifukwa mumakhala njoka ndi zinkhanira. Asasewere m'mphepete mwa mtsinje, cifukwa mu Zambezi muli ng'ona. Akaona citsulo cacilendo pansi, asacigwire. Acoke pamalopo, akauze akuluakulu, ndipo akuluakulu akauze apolisi.

Wina akayamba kukumba kapena kututa miyala pa malo akale, a m'mudzi adziwitse amfumu ndi a ku boma. Mwezi wa lupsa usanafike, alambule udzu kuzungulira mabwinja kuti moto usalowe.